Pa Laputopu Yanga Imagwira

Lilongwe
6 Meyi 2024

Chrispine, mwamuna wanga wa ku Lizulu,

Moni msuweni. Uli bwanji, nanga azakhali ali bwanji? Mwendo wawo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, mtima wokha ndiwo uli m'mwamba.

Taona zimene wandichititsa. Munthu wa m'tauni, wogwira ntchito pakampani ya makompyuta, ndikulemba kalata papepala, nkukaima mumsika kudikira lole ya mbatatesi ya a Saiti kuti anditengere. Zonsezi chifukwa iwe unatuluka m'gulu la banja la pa WhatsApp, foni nkugulitsa. Tsiku lonse umakonza mafoni a anthu, iwe mwini ulibe. Ukadzamwalira tidzamvera kwa okweza matumba.

Ndili pamavuto. Ntchito ino sanandilembe kwenikweni, ndikadali poyesedwa mpaka kumapeto kwa Juni. Ine sindilemba mapulogalamu, yanga ndi yolengeza kampani kuti anthu aidziwe. Pa 28 Juni kuli msonkhano waukulu wa olemba mapulogalamu kuno, ndipo kampani yathu ikufuna kukopako antchito atsopano. Abwana anga, a Dyton, akuti tisakachulutse zokamba. Tikangoonetsa vidiyo yaifupi yoseketsa, kuti anyamata ndi atsikana amenewa aone kuti ife timawamvetsa. Anandiuza mosabisa kuti holo ikaseka, ndikhala. Ikapanda kuseka, ndinyamule kapu yanga ya tiyi ndizipita.

Tajambula mavidiyo atatu. Titaonetsa muofesi onse anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Koma ine sindikukhazikika. Pali mtsikana wina, Eliness, amalemba mapulogalamu pakona ya ofesi yathu. Anaseka nawo, koma nditamufunsa kukhitchini tili awiri anangoti, "Ali bwinobwino, achemwali," maso ali paketulo.

Mwa anthu onse amene ndikuwadziwa, iwe wekha ndiwe unaphunzira zinthuzi, komanso ndiwe wekha sunandiuzepo mawu okoma chibadwire. Mu envulopumu muli kamemori. Onera, undiuze zoona. Kodi anthu a mtundu wako angaseke zimenezi?

Uwauze azakhali anditumizireko mbatatesi ya maso ofiira ija. Ya kuno ikumangosungunuka mumphika.

Ndine mkazi wako amene sunamulowole ngakhale ndi nkhuku,
Thokozile


Lizulu
11 Meyi 2024

Thokozile,

Moni ndalandira. Amayi ali bwino, mwendo umatupa masiku a msika okha. Ine ndilipo. Foni sindinagulitse chifukwa cha njala. Ndinatopa ndi zithunzi za anthu ovala magauni, anthu amene ndinkawalembera ine ntchito za m'kalasi.

Mavidiyo ako ndaonera pabenchi panga, pakhonde la sitolo ya a Zubeda, akazi awo a Saiti. Wapempha wekha zoona, usadzalire.

Yoyamba ija, mnyamata wa magalasi aakulu akupatsidwa moni ndi mtsikana, iye nkugwa pampando. Anyamata okweza matumba anaunjikana kumbuyo kwanga, anaseka mpaka wina kukhala pansi. Usakondwere. Omwewo anaseka dzana mbuzi itagwera m'ngalande. Ngati kampani yanu ikufuna okweza matumba, mwamaliza ntchito.

Yachiwiri, munthu wovala chipewa m'nyumba akumenya kiyibodi ngati ng'oma, zilembo zobiriwira zikutsika pasikirini. Amene anaganiza zimenezi sanakhalepo pafupi ndi wolemba pulogalamu. Ntchito imeneyi ndi kukhala duu, kuyang'ana mzere umodzi mpaka tiyi kuzizira, kenako kufufuta zonse zimene unalemba dzulo.

Yachitatu ndi abwana ako akuvina. Pamenepo ndilibe mawu. Undipepesere kwa akazi awo.

Ukuti muofesi anaseka. A Dyton anali momwemo? Ndiye kumeneko si kuseka, ndi kusaina kuti wafika kuntchito. Eliness wakoyo anakuyankha kale, iwe unangolephera kufunsa ketuloyo.

Mavidiyo onsewa ndi a munthu woima panja akuloza m'nyumba mwa eni. Iwe ukhoza kunditcha galu pamaliro, anthu nkuseka, ine nkukubwezera, chifukwa ndiwe msuweni wanga. Mlendo atanena mawu omwewo, pamakhala zibakera. Kampani yanu ikufuna kusereula anthu amene ilibe nawo chisuweni.

Anthu amenewa saseka munthu wogwa pampando. Amaseka chimene chinawaluma iwo eni. Ukukumbukira chaka changa chomaliza ku yunivesite, tsiku loonetsa ntchito kwa aphunzitsi? Ndinabwereka jekete ya bambo ako, amalume a Maynard, yabulauni ya manja aatali ija. Pulogalamu yanga yodziwitsa alimi mitengo ya m'misika inali itagwira bwinobwino mmawa womwewo. Anati ndiikire pakompyuta ya sukulu kuti onse aone pakhoma. Pakhoma panangoti mbee. Ine ndinati, "Pa laputopu yanga imagwira." Chipinda chonse chinaphulika, ndi aphunzitsi omwe. Ndinatseka laputopu, nkutuluka, nkukakwera basi, ndipo sindinabwerereko. Lero ndikumata magalasi a mafoni. Koma palibe wolemba mapulogalamu amene sanatulutsepo mawu amenewo pakamwa pake. Nthabwala zawo ndi za mtundu umenewo, zokhala ndi timagazi.

Ukamayesa, yamba watulutsa abwana panja. Usayang'ane mano, yang'ana zala. Anthu amenewa saseka chikhakhali kawirikawiri. Amatulutsa kamphepo m'mphuno, nkutenga foni kutumizira mnzawo kuti, "Uyu ndi iwe." Ukaona zimenezo, yagwira.

Mbatatesi ili m'kathumba komanga ndi chingwe chabuluu. Za kampani yanu usandilemberenso, zikundiyabwitsa zala.

Chrispine


Lilongwe
15 Meyi 2024

Mwamuna wanga wa lilime ngati lumo,

Moni kwa iwe ndi azakhali. Mbatatesi yafika, ndathokoza. Kalata yako yafikanso, ndipo ndikadali moyo.

Ndachita monga unanenera. Ndinadikira a Dyton atapita kubanki, nkuitana Eliness ndi anzake kukhitchini, nkuwaonetsanso mavidiyo aja. Palibe anaseka. Wina anayasamula. Wina anafunsa ngati angabwerere kuntchito.

Ndiye ndinawafotokozera nkhani ya jekete ndi khoma loyera, dzina sindinatchule. Ndisanamalize nkomwe, Eliness anabisa nkhope m'manja. Mnzake anati, "Inenso, sabata yatha, pamaso pa kasitomala." Anayamba kulandana mawu, aliyense ndi tsiku lake. Chrispine, wandipatsa vidiyo yonse m'ndime imodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti unalemba dala. Ndimakudziwa. Iwe ukafuna kupatsa munthu chinthu umamuponyera, kuti asanene kuti zikomo.

Komabe ndikupempha. Undilole ndijambule nkhaniyi. Ojambula tawalonjeza sabata yamawa, kupitirira apo akuti ali ndi maukwati. Ngati sukufuna, bweza mawu pa lole ya Lolemba, ndisiya. Ukakhala chete ndidziwa kuti ndi "eya" wako uja wa nthawi zonse.

Uwafunse azakhali ngati bambo anabwera kudzawaona kuchokera ku Nzama. Akhala chete nawonso.

Wako mpaka utandisudzula,
Thokozile


Lilongwe
29 Meyi 2024

Chrispine,

Moni. Ndikulemba nditaimirira, a Saiti akuliza hutala.

Sunayankhe. Lole sinaonekenso mumsika masabata onsewa, lero ndi pamene ndaipeza. Foni ya azakhali ndinayesa, sikulowa. Ndiye ndatenga chete wakoyo monga ndinanenera, tajambula.

Yagwira, msuweni. Ndinaiyesa abwana ali panja, kwa olemba mapulogalamu athu ndi ena a kampani yoyandikana nafe amene Eliness anawaitana. Ndinayang'ana zala monga unandiphunzitsira. Kamphepo ka m'mphuno kaja ndinakamva ndi makutu anga, ndipo atatu anapempha kuti ndiwatumizire nthawi yomweyo. Ndinakana, idikire msonkhano. Eliness anati, "Ameneyu ndine, kungoti jekete ndilibe." A Dyton ataiona anandigwira chanza, koyamba chibwerere pano.

Jekete ndinaipeza pakaunjika, ngati ya bambo ndithu. Mnyamata wosewerayo ndinamuphunzitsa kukanda khutu ndi cholembera monga umachitira iwe, ndi kayendedwe kako kokoka phazi. Udziona wekha, ufa nazo.

Kamemori kali momwemu. Ndalemba pa envulopu kuti uonere pamodzi ndi azakhali, aseke nawo, amakhala okhumata kwambiri. Undiuze ngati pali pokonza.

Thokozile


Lizulu
5 Juni 2024

Wokondedwa mwana wa achimwene, Thokozile,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wako. Ife kuno tadzuka, kungoti kwazizira kwambiri, mmawa nkhungu imatseka mpaka msewu osaoneka. Bambo ako anabwera sabata yatha, ali bwino, chifuwa chokha. Mbatatesi chaka chino yachuluka, ogula akungotisankha ngati nkhuku.

Ndikanaimba foni, koma yanga ikumangogwira netiweki ya ku Mozambique, ndipo nkhani iyi si yokambira m'sitolo mwa eni anthu akumva.

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Lole ya a Saiti inafera ku Dedza, inakhalitsa kugaraja, ndipo kalata yako yoyamba inatsalira momwemo. Pamene a Saiti amabweretsa, Chrispine anali atapita ku Boma kukagula zipangizo za mafoni. Ine ndinali kwa a Zubeda. Tinaona walemba pa envulopu kuti ndionere nawo, ndiye a Zubeda anati, "Mayi Esnath, tidikiriranji, tiike pa TV ya m'sitolo muno." Linali tsiku la msika, m'sitolo munali modzaza.

Atangotulukira mnyamata wa jekete uja akukoka phazi, wina anakuwa kuti, "Si Chrispine uyu?" Anthu anapanikizana mpaka pakhomo. Za makompyutazo palibe anamvapo kanthu. Koma ataona anthu a m'kanemamo akumuseka, iye nkuthawa, nkukodwa m'chingwe, nkugwa chafufumimba, okweza matumba anaseka ndithu. A Zubeda anazimitsa, koma anthu anali ataona kale.

Mwana wanga, ine sindinkadziwa. Chrispine atabwera chaka chija anangoti sukulu yamutopetsa. Ndinafunsa mpaka ndinaleka. Ndadziwira pa TV ya eni, nditanyamula dengu, pamaso pa anthu amene ndimagulitsa nawo. Ndinatuluka osagula ngakhale mchere umene ndinapitira.

Tsopano pamsika akumuitana kuti Imagwira. Munthu akabwera kudzatenga foni yake amayamba wafunsa, "Imagwira pano pokha kapena ndi kunyumba komwe?" anzake nkumaseka. Iye akatsegula benchi sakhalapo, amawoloka msewu kupita mbali ya ku Mozambique, nkubwerera, nkupitanso. Dzulo wamanga foni ya munthu zomangira zina zili patebulo. Kunyumba amadya ataimirira.

Sindikukudzudzula. Inu awiri mwakula mukutukwanizana, ndipo ine ndinkaseka nawo. Ndikudziwanso kuti ntchito yako ili pamenepa. Koma uyu ndi mmodzi yekha amene ndinatsala naye. Ndangoti udziwe zimene zachitika, chifukwa iye akakulembera sanena zonse.

Ndatha ine zakhali wako,
Esnath


Lizulu
7 Juni 2024

Thokozile,

Moni ndilibe, ndinathera pa makasitomala.

Makalata ako onse awiri ndawawerenga tsiku limodzi, wopempha ndi woti watenga kale. Ndi mwambo wabwino umenewu. Uphunzitse akuba a pamsika pano, azisiya kakalata kopempha m'thumba mwa munthu akatha kumupisa.

Ukuti chete wanga ndi "eya". Chete wanga anali lole yakufa ku Dedza. Ukadafuna yankho ukadakwera minibasi, Lizulu sanasamuke. Sunafune yankho, unafuna chete.

Ndinakupatsa chitsanzo kuti umvetse mtundu wa nthabwala. Sindinakupatse jekete, sindinakupatse phazi langa, sindinakupatse khutu langa. Mawu aja ndi a aliyense wolemba mapulogalamu, ukadawaika pakamwa pa munthu wina aliyense. Iwe unasankha kuti akhale ine, kuti ngakhale wogulitsa kabichi amene sanagwirepo kompyuta andiloze.

Udzati ndi chisuweni. Chisuweni ndimachidziwa. Pa ukwati wa m'bale wathu Tisungane unauza anthu onse kuti ndinakodza pamphasa mpaka Sitandade 4, ine ndinaima nkunena za nsabwe zako za ku Nzama, tinaseka tonse nkudya mpunga. Ndinali pomwepo, ndinabweza. Umo ndi mmene chimayendera. Chimene wachita iwe ndi kusereula munthu kulibe, pamaso pa alendo, nkulandirapo chanza cha abwana.

Chondipweteka koposa ndi bodza lako la kumapeto. Ine sindinathawe. Sindinagwe. Ndinatseka laputopu, ndinakulunga chingwe bwinobwino, ndinatuluka ndikuyenda, mutu uli m'mwamba. Pa tsiku lonse lija ndi chokhacho chimene ndinatsala nacho, iwe wachisinthanitsa ndi mbuzi ya m'ngalande.

Mnyamata wakoyonso akulemba ndi zala ziwiri palaputopu yosayatsa. Kanyali sikakuwala. M'holo mwanumo adzaona onse.

Wafunsa ngati yagwira. Yagwira. Ndinaionera ndekha kuseri kwa sitolo, ndipo pofika pa mawu aja kamphepo kanatuluka m'mphuno mwanga ndisanadzigwire. Chimenecho sindidzakukhululukira.

Yankho limene unapempha ndi ili, ngakhale lachedwa: ayi. Usaionetse.

Chrispine


Lilongwe
11 Juni 2024

Chrispine,

Moni, ngakhale wako watha. Azakhali ndawalembera paokha, kwa iwo ndilibe chodzitetezera. Sindinkadziwa kuti sunawauzepo. Zaka zonsezi mukudyera mbale imodzi.

Vidiyo ndaichotsa. Ndawauza a Dyton dzulo kuti mwini nkhani wakana. Anangoti, "Ndiye tionetsa yovina ija." Iwe ndi ine tikudziwa chimene holo idzachite. Kapu yanga ya tiyi ndayamba kale kupita nayo kunyumba madzulo, kuti tsikulo ndisadzanyamule zambiri. Sindikunena kuti undimvere chisoni, chisoni chako sindinachionepo, sindingachizindikire.

Kugwa kuja anaikamo ndi a Dyton, anati vidiyo yopanda munthu wogwa si yoseketsa. Ine ndinavomera, ndiye bodzalo ndi langa. Za minibasi wanena zoona.

Koma nawenso umve. Ukuti chisuweni mwini amakhala pomwepo kuti abweze. Nanga amene kulibe ndani? Unatuluka m'chipinda chija, unatuluka m'gulu la banja, unagulitsa foni, ku ukwati wa m'bale wathu Nomsa sunabwere. Tikusereule uli pomwepo, pomwepo pake pati? Wakhala pakhonde la a Zubeda ukuweruza dziko lonse ndi kasukuludiraiva m'manja, ndipo umaweruza bwino, ndikuvomera. Koma aliyense amene angakuyankhe unamutsekera panja.

Ine sindinathawe. Ndili pano, ofesi yathu ili ndi khomo, ojambula ali ndi tsiku limodzi lopanda ukwati sabata yamawa. Ngongole ya chipongwe ndili nayo. Ngati ndiwe mwamuna wanga uja wa pa ukwati wa Tisungane, bwera udzabweze pamaso panga.

Ukapanda kubwera, chete wako ndimutenga ngati "ayi". Ndaphunzira.

Thokozile


Lizulu
17 Juni 2024

Wokondedwa Thokozile,

Ndikhulupirira uli bwino. Kalata yako ndinalandira, za ine usade nazo nkhawa, zinapita.

Iyi ndapatsira kondakitala wa minibasi kuti ifike msanga. Chrispine atawerenga kalata imene unamulembera iye anaing'amba, kenako anatola zidutswa nkuziika m'thumba. Masiku otsatira benchi sanatsegule. Loweruka anakwera kabaza kupita ku Nzama osanena chimene akukatenga. Bambo ako akuti anafika, anapereka moni wa pakhomo, nkunena kuti, "Amalume, jekete ija ilipo?" Anamupatsa. Tiyi anakana.

Lero mmawa wakwera lole ya a Saiti. Kutsogolo kunali malo koma wakhala pamwamba pa matumba, kuzizira konseku, jekete ataipinda m'jumbo. Ndinamufunsa kuti ukabwera liti, anati, "Ndikatha kuyankhula."

Sindikudziwa ngati akubwera kudzakuthandiza kapena kudzakutukwana. Mwina iye mwini sakudziwa. Ukamudikire mumsika, ndipo umuphikire, wachoka osadya.

Ndine zakhali wako,
Esnath


Lilongwe
29 Juni 2024

Amayi,

Moni. Muli bwanji, mwendo uli bwanji? Musamanyamule dengu lalikulu lija. Ine ndili bwino. Ndikugona pampando kwa Thokozile, nyumba yake ndi yaing'ono ngati kabokosi ka machesi, ndipo kuphika sanaphunzirebe.

Munamvera pa TV ya eni zimene ndikanakuuzani ndekha. Izi ndikufuna mumve kwa ine.

Nditafika ndinawauza abwana akewo zinthu zitatu. Mnyamata wa zala ziwiri uja achoke, ngati anthu akuseka ine aseke ine weniweni. Kugwa kuchoke. Ndipo kumapeto kukhale gawo langa lobwezera, Thokozile asewere yekha, ndi dzina lake lenileni. A Dyton anati, "Achimwene, popanda kugwa anthu adziwa bwanji poti aseke?" Ndinati, "Bwana, amene mukuwafunawo sauzidwa." Thokozile anandiponda phazi pansi pa tebulo. Anavomera chifukwa masiku anali atatha.

Gawo la Thokozile ndi ili. Lachisanu madzulo, anthu akutseka makompyuta kuti azipita, iye akulowa akumwetulira nkunena kuti, "Pepanitu, kanthu kakang'ono chabe. Mungoikapo kabatani kamodzi papulogalamu, abwana ndawalonjeza kale kuti Lolemba katha." Sindinapeke. Eliness, mtsikana wa muofesi mwawo, anandinong'oneza kuti amatero sabata iliyonse. Pojambula anabwereza kambirimbiri, nkhope ili gwa. Ine ndinkangoti, "Mkazi wanga, bwerezanso, sizinafike."

Msonkhano unali dzulo masana. Holo inadzaza, ambiri ndi ana ang'onoang'ono kwa ine, ena ndinawazindikira, tinali limodzi kusukulu. Anandisungira mpando kutsogolo koma ndinakana. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi khomo, ndinati ndikufuna kuona zala za anthu. Anazimitsa magetsi. Ndinadziona pakhoma, wamkulu ngati nyumba, manja a jekete akufika m'zala. Sikirini ya m'kanemamo inati mbee. Holo inati zii, ndipo kutsogolo kwanga wina anabuula chapansipansi, anadziwa kale chimene chikubwera. Kenako ndinadzimva ndikunena mawu aja.

Anaseka, amayi. Osati kamphepo ka m'mphuno kamene ndinamulonjeza Thokozile, pamenepo ndinaphonya. Holo yonse inaphulika. Mnyamata wina anagunda mnzake ndi chigongono, winayo nkumuloza iye. Mafoni anatuluka. Pofika pa kabatani ka Thokozile ena anaimirira, akuloza anthu a m'makampani mwawo. Iye anasekedwa kuposa ine, mukawauze amalume. Ngongole yatha.

Ntchito amulemba. A Dyton akuuza aliyense kuti kuchotsa kugwa kuja anaganiza ndi iwo.

Pambuyo pake Eliness anandifunsa ngati pulogalamu ya mitengo ya m'misika ija ilipo yeniyeni. Ndinati ili pa laputopu yanga kumudzi. Anaseka. Ine sindinkaseketsa. Ili pansi pa bedi, m'chikwama chakuda. Muwapatse a Saiti Lolemba, aikhazike kutsogolo pamiyendo, osati pa matumba. Sindinalonjeze munthu chilichonse, ndingofuna kuona ngati ikuyakabe. Benchi auzeni a Zubeda alowetse m'sitolo lisanyowe ndi nkhungu. Tsiku lobwera sindikulidziwa.

Mufunsa kuti ndinamva bwanji. Thokozile akuti sankaseka ine, ankadziseka okha. Mwina. Kuchokera kumene ndinaima, phokoso lake ndi lomwe lija la tsiku lija, silisiyana ngakhale pang'ono. Dzanja langa linafika pachitseko lokha, ndinamva kuzizira kwa chitsulo. Zinapweteka chimodzimodzi.

Koma ndinakhala mpaka anayatsa magetsi.

Ndine mwana wanu,
Chrispine